Injini ya rotary ikafooka: yezani musanamasule, yezaninso musanamange

Lero m'pulogalamu yathu ya pa wailesi ya za galimoto tikamba za injini imene ambiri anangoimva mbiri, ndipo mbiri yakeyo si yabwino. Iyi ndi injini ya rotary, ija ya m'galimoto za Mazda RX-7 ndi RX-8. Galimoto zimenezi n'zosowa m'misewu yathu, komabe RX-8 imapezeka pakati pa galimoto zakale zoitanitsa ku Japan, ndipo maonekedwe ake ndi mtengo wake zimakopa. Ikafika n'kuyamba kukana kulira, chigamulo chimabwera msangamsanga: kompuleshoni yatha, injini yafa. Mfundo yanga lero ndi imodzi, ndipo ndiibwereza kangapo kuti ikhazikike. Injini imeneyi siifuna zongoganizira. Yezani musanamasule, ndipo mukamasula, yezaninso musanamange. Tiyamba ndi kuona mmene injiniyi ilili mkati, kenako mmene tingadziwire kuti kompuleshoni yatsikadi, ndipo pomaliza ntchito yoimanganso.

Injini imene tinaizolowera ili ndi mapisitoni okwera ndi kutsika, mavalavu otseguka ndi kutseka, ndi maringi ogwira mpweya kuti usathawe. Mu rotary mulibe zimenezo. Muli chitsulo cha ngodya zitatu chotchedwa rota, chimene chimazungulira m'chipinda chooneka ngati nambala 8 yonenepa m'chiuno. Nsonga zitatu za rota zimakhudza khoma la chipindacho nthawi zonse, motero zimachigawa m'timagawo titatu, ndipo timagawoto timakula ndi kuchepa rota ikamayenda. M'kagawo kalikonse mumachitika ntchito zinayi zija zimene makaniko aliyense amazidziwa: kukoka mpweya ndi petulo, kuzipanikiza, kuyaka, ndi kutulutsa utsi. Injini ya 13B, yomwe ili mu RX-8 ndi mu RX-7 zambiri, ili ndi marota awiri. Rota iliyonse ili ndi nkhope zitatu, ndiye kuti malo opanikizira mpweya alipo 6. Nambala imeneyi muisunge, chifukwa nkhani yonse ya kuyeza yagona pamenepo.

Chimene chimagwira mpweya m'timagawo timeneti ndi tizitsulo topyapyala. Pa nsonga iliyonse ya rota pali kachitsulo kotchedwa apex seal, kamene sipuling'i imakakankhira ku khoma kuti kazikhula osasiya mpata. M'mbali mwa rota muli ma side seal, ndipo pamene izi zimakumana pali ma corner seal. Taganizani za pampu ya njinga imene chikopa chake cha mkati chatha. Mukapopa pang'onopang'ono mpweya wonse umathawira m'mbali, koma mukapopa mofulumira wina umalowabe m'chubu. Rotary yofooka imachita chimodzimodzi, ndipo n'chifukwa chake liwiro limene injini ikuzungulira poiyeza lili lofunika kwambiri. Vuto la tizitsulo timeneti ndi lakale ngati injiniyo. Felix Wankel wa ku Germany ndiye anaitulukira, ndipo yoyamba inalira ku kampani ya NSU mu 1957. Galimoto ya NSU Ro 80, yomwe inatuluka mu 1967, inali yotamandika, koma ma apex seal ake ankatha msanga, ndipo ndalama zosinthira makasitomala mainjini zinaifooketsa kampaniyo. Ku Hiroshima, a Mazda anagula chilolezo chopangira injiniyi mu 1961, ndipo gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Kenichi Yamamoto linalimbana kwa zaka ndi mikwingwirima imene tizitsuloti tinkasiya pa khoma, mpaka Cosmo Sport inatuluka mu 1967. Phunziro la mbiriyi ndi lakuti pofooka pa injiniyi ndi podziwika, ndipo chinthu chodziwika pamene chili chimatheka kuchiyeza. Dziwaninso kuti popeza tizitsuloti timakhula mkati momwe moto ukuyaka, injiniyi ili ndi kapampu kothira oyilo pang'ono m'chipinda kuti khoma lisaume. Imadya oyilo mwadala. Kuchepa kwa oyilo pang'onopang'ono pakokha si umboni wakuti yawonongeka.

Tsopano tibwere ku zizindikiro. Chodziwika kwambiri ndi ichi: m'mawa injini ili yozizira imalira, koma mukayenda n'kuima pa filing'i siteshoni kapena pa golosale, pobwerera sitata imangozungulira, injini osagwira. Mukadikira kuti izizire, imalira. Chifukwa chake n'chakuti kutentha kumachepetsa kukhuthala kwa oyilo amene amathandiza kutseka timipata, ndipo zitsulo zimafutukuka mosiyana, choncho mpweya wothawa umachuluka. Zizindikiro zina ndi kunjenjemera kapena kuzima galimoto ikaima, ndi kusowa mphamvu pa mtunda. Wina anena kuti, ngati zizindikiro zili poyera chonchi, kuyeza n'kwa chiyani? Yankho ndi lakuti zizindikiro zomwezi zimabweranso ndi matenda ena otchipa kuwachiza. Makoyilo a RX-8 amagwira ntchito yaikulu, chifukwa rota iliyonse ili ndi mapulagi awiri ndipo injiniyi imazungulira mothamanga, motero amatha msanga. Koyilo yofooka, mapulagi akuda ndi mwaye, batire lotopa, sitata yozungulira mwaulesi, ndi catalytic converter yotsekeka mu ekizozi, chilichonse mwa izi chingachititse galimoto kuoneka ngati injini yatha. Palinso vuto lina limene eni rotary amalidziwa bwino. Mukailiza yozizira n'kuizimitsa nthawi yomweyo, mwina pongoisuntha pakhomo, petulo wosapsa amatsalira m'zipinda, amanyowetsa mapulagi ndi kutsuka oyilo pa khoma. Injini yotere imazungulira mopepuka ngati mulibe kanthu mkati, ndipo mukaiyeza ili choncho ionetsa kompuleshoni yotsika, pamene vuto ndi petulo chabe. Makaniko amene wamasula injini chifukwa cha koyilo wawonongetsa mwini galimoto ndalama zambiri, ndipo akamaliza kumanga, vuto lija alipeza likumudikira.

Ndiye kuyeza koyenera kumayenda bwanji? Choyamba konzani zozungulira injini: batire likhale lodzaza, sitata ikhale yamphamvu, petulo wosefukira achotsedwe. Kenako lizani injini itenthe bwinobwino, chifukwa yozizira imabisa kufooka kwake. Dulani petulo ndi moto wa ku mapulagi, chotsani pulagi imodzi pa rota iliyonse, lumikizani choyezera, pondani akiseleta mpaka pansi, n'kuzungulitsa injini ndi sitata kwa masekondi ochepa. Apa ndi pamene ambiri amasocherera. Geji wamba ya kompuleshoni ili ndi kavalavu kosunga muvi pa nambala yapamwamba imene wafika. Pa injini ya mapisitoni zimenezo n'zabwino, chifukwa bowo limodzi la pulagi limayang'ana silinda imodzi. Pa rotary, bowo limodzi limaona nkhope zitatu zikudutsa motsatana. Geji wamba idzakuonetsani nkhope yamphamvu yokha, n'kubisa ziwiri zofookazo. Choyezera chenicheni cha rotary chimalemba nkhope iliyonse payokha, ndiponso chimalemba liwiro la injini. Kumbukirani nambala ija: zotsatira ziyenera kukhala 6, zitatu za rota yakutsogolo, zitatu za yakumbuyo. Wina akakupatsani nambala imodzi kapena ziwiri n'kunena kuti wayeza rotary, ntchito sanaimalize.

Nambala zimenezo nazonso zimafuna kuwerengedwa mwanzeru. Muyezo wa Mazda pa RX-8 unaikidwa pa injini yotentha imene ikuzungulira ka 250 pa mphindi, ndipo malire apansi ali pafupi ndi psi 100. Ngati sitata yanu ikuzungulira mochedwa kuposa pamenepo, zotsatira zidzatsika ngakhale injini ili bwino. Ngati ikuthamanga kwambiri, injini yotopa idzaoneka yamoyo. Palinso chinthu chimene chimatikhudza ife kuno kwathu. Mizinda ya Lilongwe ndi Lusaka ili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kumtunda mpweya ndi wopepuka. Injini yomweyo imene yayezedwa pa doko ku Japan ionetsa nambala yotsikirapo ikayezedwa ku Lilongwe, popanda chilichonse chimene chawonongeka m'njira. Choncho zotsatira ziyenera kuwongoledwa potengera liwiro ndi kukwera kwa malo zisanafanizidwe ndi buku. Mukatero, yang'anani mmene nambala zitatu za rota imodzi zikukhalira. Ziwiri zikatsika kwambiri imodzi ili pamwamba, ganizirani apex seal, chifukwa kachitsulo kamodzi ka pa nsonga ndi malire a nkhope ziwiri, ndipo kakathyoka zonse ziwiri zimataya mpweya. Imodzi yokha ikatsika, kawirikawiri ndi side seal imene yathyoka kapena yamatidwa ndi mwaye m'ngalande yake. Zonse zitatu zikatsika mofanana, ndiye kutha kwa ukalamba, khoma ndi tizitsulo zaperesekera limodzi. Mwaona kuti kuyeza kwabwino kumakuuzani zambiri kuposa kungoti injini yafooka. Kumakuuzani rota yake, mtundu wa vuto, ndi zimene mukakumane nazo mukatsegula.

Ndikudziwa chimene amakaniko ena akunena pamene akumvera: choyezera chimenecho tichipeza kuti, ndipo tigulirenji chida chodula chifukwa cha galimoto imene imabwera mwa apo ndi apo? Dandaulo limeneli ndi lomveka. Komabe pali njira yapakati. Mukachotsa kavalavu kaja pa geji wamba, muvi umadumpha payekhapayekha pa nkhope iliyonse. Jambulani muviwo pa vidiyo ya foni, muionere pang'onopang'ono, ndipo mudzaona ngati kudumpha kutatuko kuli kofanana kapena ayi. Njira imeneyi siikupatsani nambala yodalirika yofanizira ndi buku, choncho singagamule mlandu wa injini imene ili pa malire. Koma apex seal yothyoka siingabisale pamenepo. Ndipo kwa mwini galimoto, ngakhale kuyeza koyenera kutafuna ulendo wopita ku galaja ya mzinda wina, mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi kumasula injini imene inalibe mlandu. Onjezanipo chinthu chimodzi chimene geji ya kompuleshoni siiona bwino. Pakati pa zigawo za injiniyi pali malabala otchinga madzi oziziritsa kuti asalowe m'zipinda. Injini ikatenthedwa mopitirira muyezo, malabalawo amagonja. Zizindikiro zake ndi utsi woyera wonunkhira motsekemera poliza m'mawa, madzi ochepa mu radiyeta popanda podontha pooneka, ndi thovu lotuluka m'madzimo injini ikulira. Injini yotere ingaonetse kompuleshoni yabwino, komabe iyenera kutsegulidwa.

Kwa inu amene mwangotsegula wailesi, tikukamba za injini ya rotary ya m'galimoto za Mazda, ndipo taona theka loyamba la mfundo yathu: yezani musanamasule. Tsopano tilowe theka lachiwiri. Tinene kuti zotsatira zatsimikiza kuti kompuleshoni yatsikadi, ndipo injini yatsitsidwa, ili pa benchi.

Injini ya marota awiri ndi zigawo zisanu zosanjikizana: mbale zitatu zachitsulo, kutsogolo, pakati ndi kumbuyo, ndipo pakati pa mbalezo pali zipinda ziwiri za aluminiyamu momwe marota amazungulira. Shafuti imodzi imadutsa pakati, ndipo mabawuti aatali amamanga zonsezo pamodzi. Zigawo zoyenda n'zochepa kuposa za injini ya mapisitoni, ndipo kuchepa kumeneku ndiko kumanyenga anthu kuti ntchitoyi ndi yophweka. Pomasula, kachitsulo kalikonse kaikidwe pa malo olembedwa, kuti mudziwe rota, nkhope ndi ngodya imene kachokera, chifukwa mmene kathera ndi umboni wa chimene chinachitika. Mwaye wonse uchotsedwe m'ngalande za rota mosamala, osakulitsa ngalandezo. Mukatero, kuyeza kuyambikenso. Khoma la chipinda linakutidwa ndi chrome yolimba, ndipo muyang'ane ngati yasupuka m'mphepete kapena yakandika. Apex seal ikathyoka, zidutswa zake zimazungulira ndi rota, kukanda khoma ndi kuboola nkhope ya rota zisanatuluke. Yezani kukhuthala kwa chipinda m'malo angapo ndi micrometer kuti muone ngati kutentha kunachifinya. Yezani mbale ngati zapindika, ndiponso kuzama kwa mkwaso umene ma side seal asiya. Yezani mpata wa apex seal m'ngalande yake ndi feeler gauge, chifukwa ngalande imene yayasama kukamwa imalola kachitsulo katsopano kugwedera. Yezaninso mabering'i ndi shafuti. Malire a chilichonse mwa izi analembedwa m'buku la Mazda lokonzera injiniyi, ndipo bukulo liyenera kukhala pa benchi, lotsegula.

Pano pali chiyeso chachikulu, ndipo chimachokera ku thumba. Mwini galimoto amati, zipinda zatsopano n'zodula, zoitanitsa kunja, ndalama zakunja zikusowa, tangoikani ma seal atsopano tione. Ndikumvetsa chifukwa chake, koma taonani chimene chimachitika. Apex seal yatsopano ndi yowongoka, pamene khoma lotha lili ndi mikwingwirima ndi mikwaso. Chowongoka chikagona pa chokumbika, pansi pake pamatsala mpata, ndipo mpweya udzadutsa pomwepo. Pamene chrome yasupuka, m'mphepete mwake mumadya kachitsulo katsopanoko ulendo uliwonse rota ikazungulira. Injini idzalira ndithu tsiku loyamba, aliyense adzasangalala, koma kukana kulira ikatentha kudzabwerera posachedwa, ndipo ndalama ya ntchito, ya malabala ndi ya ma seal idzalipidwa kawiri. Sindikunena kuti chigawo chilichonse chakale chitayidwe. Chipinda chimene chili mkati mwa malire chibwerere, ndipo mbale yokhala ndi mkwaso wosazama ikhoza kusalazidwa ndi odziwa ntchitoyo, pokumbukira kuti khungu lake lolimba ndi lopyapyala. Chimene ndikukana ndi kugamula ndi maso kapena ndi chikhadabo. Chobwerera ndi chotayidwa, agamule ndi micrometer ndi buku.

Kumanga nako kumafuna kudekha ndi ukhondo. Ma side seal atsopano nthawi zambiri amafunika kuwapala nsonga, kamodzikamodzi, mpaka mpata wake ndi corner seal ukhale wa m'buku. Mpata ukakula kompuleshoni imathawa, ukachepa kachitsulo kamakakamira injini ikatentha. Akatswiri ambiri amapaka Vaseline kuti tizitsulo ndi malabala zisagwe pamene akusanja zigawo. Labala la madzi likapinidwa pang'ono pokha potsitsa mbale, ntchito yonse yawonongeka, ndipo mudzadziwa injini ili kale m'galimoto. Mabawuti aatali aja amangidwe ndi torque wrench, motsata ndondomeko yake, pang'onopang'ono mozungulira kangapo. Kusewera kwa shafuti kutsogolo ndi kumbuyo kuyezedwe, ndipo kuwongoledwe ndi sipesa ya kukhuthala koyenera. Musanabwezere injini m'galimoto, izungulitseni ndi dzanja, mumve kupuma kwa nkhope iliyonse.

Chotsatira ndi funso limene ambiri amaliiwala: chinapha injini yoyambayo n'chiyani? Ngati inatenthedwa, radiyeta, mapaipi, thermostat ndi mafani ziunikidwe. Ngati khoma linauma, kapampu ka oyilo kaja ndi timapaipi take tiyesedwe. Makoyilo, mawaya ake ndi mapulagi zikhale zatsopano kapena zotsimikizika, ma injector atsukidwe, ndipo ekizozi yotsekeka isabwererepo. Injini yatsopano yoikidwa pakati pa zinthu zimene zinapha inzake idzatsata njira yomweyo. M'makilomita oyambirira muziyenda mofatsa kuti tizitsulo tikhazikike pa khoma, musinthe oyilo msanga, ndipo pambuyo pake muyezenso kompuleshoni, musunge zotsatirazo. Kuyambira apo, yang'anani oyilo pafupipafupi, musaizimitse isanatenthe, ndipo ikatentha bwino muziilola nthawi zina kuthamanga kuti mwaye usaunjikane.

Patsala mafunso awiri olemera. Loyamba: bwanji osangogula injini ina yakale yochokera ku Japan? Nthawi zina ndi njira yabwino, koma kumbukirani kuti RX-7 inasiya kupangidwa mu 2002, ndipo RX-8 mu 2012. Injini yochotsedwa m'galimoto yotere yakhala zaka zoposa khumi, ndipo mbiri yake simukuidziwa. Ngati wogulitsa sangakuonetseni zotsatira 6 pamodzi ndi liwiro limene anayezera, mukugula vuto lomwe muli nalo kale. Funso lachiwiri: kodi injiniyi si yofooka mwachibadwa? Tinene zoona, imamwa petulo wambiri poyerekeza ndi kukula kwake, imadya oyilo, siipirira kutenthedwa, ndipo zipangizo zake sizipezeka pa shopu iliyonse. Walira mvula walira matope, ndipo wofuna galimoto yongothira mafuta n'kumapita asankhe ina. Koma kufuna chisamaliro ndi kufooka ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mu 1991, galimoto ya Mazda 787B, ya marota anayi, inapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans ku France, mpikisano umene umayesa kupirira kwa injini usana ndi usiku. Mu 2023 a Mazda anaibweretsanso rotary mu MX-30, kumene imagwira ntchito yopanga magetsi. Nthawi zina kuyeza kudzaonetsa kuti zipinda zonse, marota ndi mbale zatha, ndipo mtengo womanganso ukuposa mtengo wa galimoto. Kusiya pamenepo ndi nzeru, ndipo chigamulo chimenecho chimakhala cholungama chifukwa chachokera pa muyezo.

Omvera athu, nthawi yatithera, koma ndikusiyireni zoti mulingalire. Inu eni galimoto, makaniko akakuuzani kuti injini yatha, kodi mumapempha kuona zotsatira, kapena mumangofunsa mtengo? Inu amakaniko, pa zigawo zimene munabwezera mu injini yomaliza imene munamanga, kaya ya rotary kaya ya mapisitoni, ndi zingati zimene munaziyezadi? Ndipo inu amene mukuganiza zoitanitsa RX-8, pemphani zotsatira za kompuleshoni musanatumize ndalama, ndipo mufufuze ngati kufupi ndi kwanu kuli makaniko amene ali ndi zida ndi buku lake. Yezani musanamasule, yezaninso musanamange.